Lotale za ku America ndi ndalama za sukulu: pa dola ya tikiti, mwana wa m'kalasi amaonapo zingati?

Nangozo:
Akuluakulu, funso langa likupita kwa inu odziwa kayendetsedwe ka chuma cha boma ku America. Zikwangwani za lotale m'zigawo zambiri zimati ukagula tikiti ndiye kuti wathandiza maphunziro. Ku North Carolina ndi ku South Carolina dzina lenilenilo ndi Education Lottery. Kodi ndalamazo zimafikadi m'kalasi, kapena ndi mawu okopera ogula basi? Nanga wofuna kuyesa mwayi adziwiretu chiyani asanatulutse dola yake?

Bambo Phiri:
Achemwali, tiyambe talekanitsa zinthu, chifukwa kwathu munthu akamva "lotale ya ku America" maganizo amathamangira ku DV, ija ya Green Card. Imeneyo ndi ya boma lalikulu ndipo mphoto yake ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, si ndalama. Mukufunsayi ndi ya zigawo. Boma lalikululo lilibe lotale yandalama. Chigawo chilichonse chimakhazikitsa yake ndi lamulo lake, ndipo phindu limatsala komwe tikiti yagulidwa. Zigawo 45 mwa 50 zili nayo. Zopanda ndi Alabama, Alaska, Hawaii, Nevada ndi Utah. Ku Utah chifukwa chake ndi chipembedzo, pomwe ku Nevada eni makasino safuna wopikisana naye.

Yoyamba m'nthawi yathu ino inali ya New Hampshire mu 1964. Chigawo chimenecho sichidula msonkho pa malipiro kapena pa katundu wogula m'sitolo, ndiye anafuna njira yopezera ndalama za sukulu popanda kutchula liwu loti msonkho. New York inatsatira mu 1967. Kuyambira pamenepo ambiri ofuna kuti anthu avomere lotale amaika mwana wa sukulu patsogolo.

Dola imagawidwa motere, kungoti manambala amasiyana pang'ono chigawo ndi chigawo. Masenti 60 mpaka 70 amabwerera kwa osewera ngati mphoto. Masenti 5 kapena 6 ndi komishoni ya sitolo yogulitsa. Masenti ena ochepa amapita ku malipiro a antchito, kusindikiza matikiti, makina ndi kutsatsa. Otsalawo, kawirikawiri 20 mpaka 30, ndiwo amalowa m'thumba la boma.

Achisale:
Ndipo si kulikonse kumene otsalawo amapita kusukulu. Ku Pennsylvania amathandiza okalamba. Ku Colorado gawo lalikulu limasamalira mapaki ndi malo achilengedwe. Ku Massachusetts amagawira makhonsolo a mizinda ndi matauni. Ku Mississippi, komwe anayamba mu 2019, madola 80 miliyoni oyambirira chaka chilichonse ndi a misewu ndi milatho, zotsala ndiye za maphunziro. Abale athu a ku Indiana adziwenso kuti Hoosier Lottery imaika madola 30 miliyoni pachaka ku penshoni ya aphunzitsi, 30 miliyoni ina ku penshoni ya apolisi ndi ozimitsa moto, ndipo zambiri mwa zotsala zimachepetsera anthu msonkho wa galimoto. Penshoni ya aphunzitsi ndi chinthu chabwino, koma si choko kapena buku.

Mbewe wa Masamu:
Ine ndimakonda kuyamba ndi kukula kwa mphika. Anthu a ku America amagula matikiti a madola opitirira 100 biliyoni pachaka. Zikumveka zambiri. Koma sukulu za boma, kuyambira mkombaphala mpaka kumaliza sekondale, zimadya madola opitirira 800 biliyoni pachaka. Ndalama zimenezi zimachokera makamaka m'misonkho ya chigawo ndi msonkho wa nyumba ndi malo umene maboma ang'onoang'ono amatolera, ndipo boma lalikulu limangothirapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Tsono chotsani mphoto pa 100 biliyoni ija, chotsani komishoni, chotsani zigawo zimene sizipereka kusukulu. Chotsalacho ndi kadontho.

Chitsanzo chooneka bwino ndi California. Lotale yawo inavomerezedwa ndi voti ya Proposition 37 mu 1984, n'kuyamba kugulitsa mu 1985. Masiku ano imapereka madola pafupifupi 2 biliyoni pachaka ku maphunziro. Koma ana a sukulu za boma kumeneko ndi opitirira 5 miliyoni, ndiponso makoleji ndi mayunivesite amadyako. Mwana mmodzi amapezapo madola osafika 300 pachaka, zomwe ndi pafupifupi 1 peresenti ya ndalama zonse za sukulu. Zimagulira mabuku ndi zipangizo, inde, koma sizingalipire aphunzitsi ngakhale mwezi umodzi.

Nangozo:
Chabwino a Mbewe, n'zochepa. Koma zochepazo si zowonjezera? Popanda lotale bwenzi palibe ngakhale 300 imeneyo.

Bambo Phiri:
Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuti ndalama yalembedwa "ya sukulu" sizitanthauza kuti sukulu yalemererapo. Tiyerekeze chigawo chimene chimapereka madola 1,000 miliyoni ku maphunziro kuchokera m'misonkho. Lotale yabwera ndi 100 miliyoni, lamulo likuti zonse zipite kusukulu. Aphungu pokonza bajeti ya chaka chamawa akuona kuti sukulu zili kale ndi 100 miliyoni, ndiye kuchokera m'misonkho akupereka 900 miliyoni yokha, ina ija akupititsa ku ndende, ku misewu kapena akutsitsira msonkho. Sukulu zalandira 1,000 miliyoni monga kale. Palibe wanama. Ndalama ya lotale yafikadi kusukulu, koma ina yatuluka pakhomo lakuseri.

Kawirikawiri sachita moonekera chonchi. Sadula bajeti, amangoleka kuikweza. Ana akuchuluka, mitengo ikukwera, bajeti imayenera kukwera ndi 4 peresenti, iwo akukweza ndi 2 n'kunena kuti lotale yatseka mpatawo. Pakatha zaka khumi palibe angaloze tsiku limene ndalama inasowa. Madandaulo amenewa amveka kwa zaka zambiri ku Illinois, komwe phindu la lotale analimangirira ku thumba la sukulu mu 1985, komanso ku Florida, komwe lotale inayamba mu 1988 ndi lonjezo loti idzakhala yowonjezera.

Pali vuto linanso limene akuluakulu a sukulu amalidziwa bwino. Boma laling'ono likaitanitsa voti yoti msonkho wa nyumba ukwere pang'ono kuti amange makalasi, ovota ena amakana, amati "si paja lotale ikukupatsani mabiliyoni?" Chikwangwani chija chawapusitsa.

Mayi Nabanda:
Bambo Phiri, zimene mwanenazo n'zoona, koma musaphatikize onse mtolo umodzi. Georgia inachita mosiyana, ndipo inachita dala itaona zimene zinachitikira Florida. Bwanamkubwa Zell Miller poyambitsa lotale mu 1993 sanathire ndalamazo mu bajeti ya sukulu imene inalipo kale. Anayambitsa zinthu zatsopano zimene kunalibe. China ndi HOPE Scholarship, yolipirira fizi ya ku koleji wophunzira amene wamaliza sekondale ndi GPA (avereji ya magiredi ake) ya 3.0. China ndi sukulu yaulere ya ana a zaka zinayi, imene kuyambira 1995 ndi ya mwana aliyense posayang'ana chuma cha makolo. Popeza zinthuzi zinalibe mzere mu bajeti yakale, aphungu analibe poti n'kuchotsapo mwakachetechete. Lero lotale ya ku Georgia imapereka madola pafupifupi 1.5 biliyoni pachaka ku zimenezi. Florida inatengera nzeruyi ndi Bright Futures mu 1997, ndipo Tennessee itayamba lotale mu 2004 inayambitsanso HOPE yake. Ndiye funso loyenera kufunsa chigawo chilichonse ndi lakuti: ndalamayo ikulipira chinthu chatsopano chokhala ndi dzina, kapena ikungothiridwa mumphika waukulu?

Achisale:
Mayi, Georgia ndi chitsanzo chabwino pa kutchinga khomo lakuseri, sindikutsutsa. Koma tionenso amene amasonkha ndi amene amadya. HOPE poyamba inali ndi malire: banja lopeza madola opitirira 66,000 pachaka silinkalandira. Mu 1994 malirewo anakwera kufika 100,000, mu 1995 anawachotseratu. Tsopano chofunika ndi magiredi okha. Magiredi abwino amapezeka kwambiri kwa ana a makolo ophunzira, okhala m'madera a sukulu zabwino. Nanga matikiti amagula ndani? Anthu a mitundu yonse amagula, makamaka jakipoti, mphoto yaikulu kuposa zonse, ikakula, koma amene amataya gawo lalikulu la malipiro awo sabata ndi sabata ndi opeza zochepa. Zotsatira zake, wogwira ntchito yolipidwa pa ola akulipirira fizi mwana wa dokotala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Komanso ndalama ya lotale siyenda limodzi ndi fizi. Fizi inakwera, olandira anachuluka, thumba linayamba kuperewera. Mu 2011 Bwanamkubwa Nathan Deal anasaina lamulo logawa HOPE pawiri. Fizi yonse inatsalira makamaka a GPA ya 3.7 ndi mapointi 1,200 pa SAT, mayeso olowera ku koleji, pansi pa dzina latsopano la Zell Miller Scholarship. Enawo anayamba kulandira gawo chabe, ndipo thandizo la mabuku linatha. Amene anagwa pa sefa imeneyi ambiri ndi omwe aja a m'madera ogula matikiti.

Mayi Nabanda:
Za HOPE ndavomera. Koma sukulu ya ana a zaka zinayi imafikira osauka mwachindunji, achimwene. Banja lopeza bwino likanalipira lokha, losauka silikanatha. Pamenepo ndalama ikubwerera komwe inachokera.

Mbewe wa Masamu:
Pali chinanso chimene ogula sachiona: gawo la sukulu pa dola limanka litsika. North Carolina inavomereza lotale mu 2005 movutikira, mavoti m'nyumba ya Senate anafanana mpaka wachiwiri kwa bwanamkubwa, Beverly Perdue, ndiye anadula mlandu. Lamulo linkati masenti 35 pa dola apite ku maphunziro. Mu 2007 analifewetsa kuti 35 akhale chongolakalaka, osati chokakamiza. Lero gawolo lili pansi pa masenti 25. California inayamba ndi 34 peresenti ku maphunziro, 50 ku mphoto, 16 ku kayendetsedwe. Mu 2010 anasintha kuti mphoto ndi maphunziro pamodzi zikwane 87 peresenti, oyendetsa lotale asankhe okha kagawidwe kake. Mu 2020 ofesi yofufuza chuma cha boma ku California inapeza kuti m'chaka chimodzi chokha sukulu zinaperewedwa madola 36 miliyoni poyerekeza ndi zimene lamulo linkafuna.

Oyendetsa lotale ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati mphoto zikakula anthu amagula kwambiri, tsono 22 peresenti ya 4 biliyoni imaposa 35 peresenti ya 2 biliyoni. Masamuwo ndi oona: 880 miliyoni ndi yoposa 700 miliyoni. Koma tawerengani mbali ya ogula. Kuti sukulu zipeze 180 miliyoni yowonjezera, anthu agula matikiti a 2 biliyoni owonjezera. Msonkho wamba suwononga ndalama zotere potolera.

Nangozo:
Zamveka. Tsopano mbali yachiwiri ija. Munthu wati ndikudziwa kuti si chopereka, ndikungofuna kusewera. Zimayenda bwanji?

Mbewe wa Masamu:
Masewera alipo mitundu itatu, ndipo masamu ake ndi osiyana.

Oyamba ndi a jakipoti yaikulu amene zigawo zimachitira limodzi, Powerball ndi Mega Millions. Powerball ndi madola 2. Mumasankha manambala 5 pakati pa 1 ndi 69, ndi imodzi yofiira pakati pa 1 ndi 26. Njira zosankhira asanuwo zilipo 11,238,513, mukachulukitsa ndi 26 mupeza 292,201,338. Mwayi wanu ndi umodzi pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni ku Malawi. Chulukitsani mtundu wonsewo ka 16, muwonjezereponso, kenako mutole dzina limodzi mutatsinzina. Maere amachitika Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, ndiye kuti ka 156 pachaka. Wogula tikiti imodzi maere aliwonse amataya madola 312 pachaka, ndipo mwa masamu angadikire zaka pafupifupi 1.9 miliyoni.

Kuvutaku anakupanga dala. Mwezi wa October 2015 usanafike manambala anali 59 ndi 35, mwayi unali umodzi pa 175 miliyoni. Atasintha, jakipoti inayamba kudumpha maere ambiri osagwa, n'kumakula, ndipo mu January 2016 inafika 1.586 biliyoni. Jakipoti yaikulu ndiyo imaitana ogula. Mega Millions nayo mu April 2025 inakweza tikiti kufika madola 5, manambala 5 mwa 70 ndi imodzi mwa 24, mwayi umodzi pa 290,472,336.

Pa pepala la Powerball mudzaona kuti mwayi wopata kenakake ndi umodzi pa 25. Ndi zoona, koma kenakakeko nthawi zambiri ndi madola 4. Mukalasa asanu oyerawo popanda yofiira ndi 1 miliyoni, mwayi wake umodzi pa 11.7 miliyoni.

Achiwiri ndi a tsiku ndi tsiku, monga Pick 3. Manambala atatu, njira 1,000. Dola imodzi mukalasa mwandondomeko yake imabweza 500. Mutagula njira zonse 1,000 mungataye 1,000 n'kulandira 500. Palibe loto kapena kabuku ka manambala kangasinthe zimenezi.

Achitatu ndi matikiti opala, ngati mmene timapalira makadi a mayunitsi. Amenewa ndiwo amabweretsa ndalama zambiri kuposa ena onse. Otchipa a dola imodzi amabweza masenti 60 kapena kuposerapo pang'ono, okwera mtengo a madola 20, 30 kapena 50 amabweza opitirira 70. Musanyengedwe ndi zimenezo. Kutaya kotala ya madola 50 ndi 12.50 pa mphindi imodzi, kutaya masenti 40 pa dola ndi masenti 40 basi.

Achisale:
Pa opalawa ndiwonjezere ziwiri. Kumbuyo amalemba mwina "mwayi umodzi pa 4", koma pamenepo awerengera ndi tikiti imene yangokubwezerani ndalama yanu yomwe ija. Ndipo sizitanthauza kuti mukagula anayi otsatizana imodzi ipata. Chachiwiri, mphoto zikuluzikulu za sewero zimatha kutengedwa zonse matikiti akadali m'masitolo. Malotale ambiri amaika pa intaneti mndandanda wa mphoto zotsala pa sewero lililonse. Yang'anani kaye pamenepo. Ngati mphoto zapamwamba zatha, mukugula chikopa cha nyama yodyedwa kale.

Gogo wa Maakaunti:
Ana inu mwaiwala msonkho, ndipo nambala ya pachikwangwani ija si imene munthu amapita nayo kunyumba. Yolembedwayo ndi ya malipiro 30 operekedwa pa zaka 29, chaka chilichonse akukwera ndi 5 peresenti. Wofuna zonse lero amalandira ndalama imene ilidi m'thumba, kawirikawiri pafupifupi theka. Onani ya November 2022, tikiti yogulidwa ku California: chikwangwani chinkati 2.04 biliyoni, yolandira kamodzi inali 997.6 miliyoni. Boma lalikulu limadula 24 peresenti pomwepo pa mphoto yoposa madola 5,000. Anthu amaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi. Ndalama zotere zimagwera pa mlingo wa 37 peresenti, ndiye 13 yotsalayo imafunidwa podzaza mafomu a msonkho mu April wotsatira. Pa chitsanzo chathuchi zotsala ndi pafupifupi 628 miliyoni, osafika gawo limodzi mwa atatu a nambala ya pachikwangwani. Ndiye mwayi wake California sidula msonkho pa mphoto za lotale yake. Ku New York chigawo chimadula, mzinda wa New York n'kudulanso pamwamba pake. Florida ndi Texas zilibe msonkho wa pa malipiro.

Vuto la 13 peresenti limapweteka kwambiri opata mphoto zapakatikati. Munthu wapata 1 miliyoni, walandira 760,000, wagula nyumba ndi galimoto, wagawira abale. April akubwera ndi ngongole ya msonkho yoposa madola 50,000, ndalama kulibe.

Mlendo wosakhala nzika kapena wokhazikika akhoza kupata ngati anagula tikiti ali m'chigawomo, koma iye amadulidwa 30 peresenti. Ndipo amene ali ndi ngongole ya msonkho kapena ya chisamaliro cha ana, zigawo zambiri zimayamba zachotsa zimenezo cheke chisanalembedwe.

Mayi Nabanda:
Agogo, nanga pa ziwirizo, kamodzi kapena zaka 29, n'chiyani chanzeru?

Gogo wa Maakaunti:
Ambiri amatenga kamodzi, amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Koma malipiro a chaka ndi chaka si a mphepo ayi, amagulira mabondi a boma (mapepala a ngongole imene boma limabweza ndi chiwongoladzanja), ndipo mwini akamwalira zotsala zimapita ku chuma chake chamasiye. Ubwino wake ndi woti munthu akalakwitsa chaka choyamba ali ndi mwayi wina ka 29. Wosazolowera ndalama zambiri, wokhala ndi abale ambiri omuyang'ana, njira imeneyi imamuteteza. Chenjezo n'lakuti nthawi yosankhira ndi yaifupi. Ku Florida ndi masiku 60 kuchokera tsiku la maere, mukachedwa akusankhirani ya chaka ndi chaka.

Bambo Phiri:
Zolakwika zambiri zimachitika pa kapepala komweko. Tikiti ndi ya amene waigwira, kufikira itasainidwa kumbuyo. Sainani mukangogula, jambulani mbali zonse ziwiri. Pepala lake ndi lija lakuda ndi kutentha ngati lisiti ya m'sitolo, ndiye musaisiye m'galimoto padzuwa, musaisite m'thumba la malaya, musaimate pulasitiki yotentha. Ikada, kulandira kumavuta. Poona ngati mwapata gwiritsani ntchito kamakina kodzionera nokha m'sitolo kapena pulogalamu ya lotaleyo pa foni, musangopereka kwa wogulitsa kuti akuuzeni. M'zigawo zambiri mphoto yosafika madola 600 amalipira m'sitolo momwemo, yoposa pamenepo ndi ku ofesi ya lotale ndi chitupa.

Tikiti imathanso ntchito. Ku Georgia ndi ku Florida ndi masiku 180 pa masewera a maere, ku New York chaka chimodzi. Ndipo tikiti imalandiridwa m'chigawo chimene inagulidwa chokha, ngakhale ili ya Powerball. Choseketsa n'chakuti apa ndi pamene sukulu zimadya bwino: ku California mphoto ya maere yosatengedwa imapita ku maphunziro, ku Florida 80 peresenti yake imalowa m'thumba la maphunziro.

Za dzina, California imaulula dzina la wopata. Delaware, Kansas ndi Maryland zimalola kubisa. Georgia imabisa kuyambira pa madola 250,000, Texas kuyambira pa 1 miliyoni. Fufuzani lamulo la kwanuko musanakaonekere ku ofesi.

Achisale:
Osonkherana kuntchito kapena pa gulu la abale, lembani pepala maere asanachitike: mayina, aliyense wasonkha zingati, maere a tsiku liti, ndipo amene sanasonkhe sabata imeneyo ali mkati kapena ayi. Wogulayo atumize zithunzi za matikiti onse kwa aliyense nthawi isanakwane, ndipo ngati akugulanso yakeyake anene poyera. Milandu yambiri ya m'makhoti imayambira pa mawu oti "imene yapatayi inali yanga". Polandira pali fomu nambala 5754 ya IRS, bungwe lotolera misonkho ya boma lalikulu, yogawira mphoto kuti aliyense alipire msonkho wake. Mmodzi akalandira yekha n'kumagawa, msonkho wonse umalembedwa pa iye, ndipo zimene wagawazo zimaoneka ngati mphatso zofunika kuzilembetsanso.

Mbewe wa Masamu:
Za manambala a masiku obadwa: sachepetsa mwayi, koma anthu ambiri amasankha 1 mpaka 31, ndiye mukapata mumagawana ndi ambiri. Kusiya makina asankhe kumapewetsa zimenezo. Kupitirira apo palibe njira ina.

Nangozo:
Palibe ndithu? Nanga zija zinamveka ku Texas?

Mbewe wa Masamu:
Zimenezo si nzeru ya manambala, ndi mphamvu ya thumba. Lotto Texas ndi manambala 6 mwa 54, njira 25,827,165, tikiti dola imodzi. Mu April 2023 jakipoti itafika 95 miliyoni, gulu lina linagula pafupifupi njira zonse m'masiku ochepa pogwiritsa ntchito makina ambiri osindikizira, n'kupatadi. Zinatheka chifukwa mphoto inaposa mtengo wa njira zonse. Anthu wamba amene anakulitsa jakipotiyo kwa miyezi anali atagonja maere asanachitike. Mkwiyo wake unachititsa kuti mu 2025 aphungu athetse Texas Lottery Commission, lotale n'kuipereka ku nthambi ina ya boma, ndiponso aletse makampani ogulira anthu matikiti pa intaneti. Pa Powerball simungayese: njira zonse ndi madola 584 miliyoni, ndipo wina akalasa nanu mwagawana.

Kuba kwenikweni kunachitikapo kuchokera mkati. Eddie Tipton, mkulu wa chitetezo cha makompyuta ku bungwe loyendetsa masewera a zigawo zingapo, anaika pulogalamu yake m'makina osankha manambala, n'kumadziwiratu zotuluka pa masiku ena. Anagwidwa chifukwa cha tikiti ya Hot Lotto ya ku Iowa ya mu 2010, ndipo mu 2017 anagamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 25. Powerball ndi Mega Millions zimagwiritsa ntchito timipira tenitenti pamaso pa mboni.

Mayi Nabanda:
Kwa abale amene ali kumudzi, ku Johannesburg kapena ku UK: simungapate lotale imene simunagule tikiti yake. Uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook woti "mwawina Mega Millions, tumizani ndalama ya msonkho" ndi wakuba. Lotale yeniyeni sidziwa n'komwe nambala ya foni ya wogula tikiti ya pepala, ndipo msonkho imadula pa mphoto, siitanitsa. Zigawo zimene zimagulitsa pa intaneti, monga Georgia, Illinois ndi Michigan, zimayamba zatsimikiza kuti foni yanu ili m'kati mwa malire a chigawocho. Kutumiza matikiti pa positi n'koletsedwa ndi lamulo la boma lalikulu. Masamba ena akunja amene amati "sewerani Powerball muli kwanu" sakugulitsani tikiti, mukungobetcha ndi kampaniyo pa manambala amene atuluke. Pamenepo ngakhale senti imodzi sipita kusukulu ya kulikonse.

Zaka zogulira ndi 18 m'zigawo zambiri, 19 ku Nebraska, 21 ku Arizona, Iowa, Louisiana ndi Mississippi. Amene waona kuti ndalama ya lendi yayamba kulowa m'matikiti aimbe 1-800-GAMBLER, nambala yothandiza okodwa mu juga, ndi yaulere.

Gogo wa Maakaunti:
Mdzukulu Nangozo, tibwerere ku madola 312 a a Mbewe aja. Ngakhale titati masenti 35 pa dola afika ku maphunziro, ndi madola pafupifupi 110, ndiye tisanafunse za khomo lakuseri la Bambo Phiri. Mukapereka 312 yomweyo ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya m'dera lanu, yonse ifika, ndipo mudziwa chimene yagula.

Nangozo:
Nanga munthu angadzionere bwanji yekha ngati chigawo chake chikuwonjezeradi kapena chikungosinthanitsa matumba?

Bambo Phiri:
Mapepala awiri. Loyamba ndi lipoti la chuma la pachaka la lotaleyo, limapezeka pa tsamba lawo. Musawerenge tsamba loyamba la zithunzi za ana akumwetulira ndi nambala yaikulu ya "kuyambira pomwe tinayamba", imeneyo aphatikiza zaka makumi angapo. Pitani pa tebulo la zaka khumi chakumapeto. Tengani ndalama zotumizidwa ku boma, gawani ndi malonda onse a chaka chimenecho, muchite chimodzimodzi ndi chaka choyambirira pa tebulopo. Muona ngati masenti a pa dola akutsika.

Lachiwiri ndi bajeti ya chigawo. Funani mzere wa ndalama za maphunziro zochokera m'thumba la misonkho lokha, popanda za lotale. Gawani ndi chiwerengero cha ana, muchotsepo kukwera kwa mitengo, kenako muyerekeze zaka zisanu lotale isanayambe ndi zaka zisanu itayamba. Ngati mzerewo unaima kapena kutsika pamene ndalama ya lotale inkalowa, yankho mwalipeza. Yang'ananinso mayina a zinthu zimene lotale ikulipira chaka chino. Mukapeza basi za ana kapena malipiro a alembi a m'maofesi a sukulu, funsani kuti zimenezo zinkalipidwa ndi ndani lotale isanabwere.

Achisale:
Ku North Carolina ziwiri zomwe mwatchulazo zili pa mndandanda, achimwene.